Uzimba wa akhwangwala ndi abakha: mbalame ikatulukira, woyamba kuwomba ndani?

Nkhafi_Zomba
Akuluakulu, ndili ndi dandaulo komanso funso. Masiku ano anthu akumapangana anayi kapena asanu, aliyense ndi chifefe chake, kukadikirira abakha m'mbali mwa Chilwa kapena kukalimbana ndi akhwangwala amene akufukula chimanga chongobzala kumene. Mbalame imodzi ikangotulukira, mfuti zonse zimalira nthawi imodzi. Ikagwa ndi mkangano, aliyense akuti ndi yake. Choopsa kuposa zonse n'choti wina amaitsatira ndi mfuti mpaka mlomo wa mfutiyo kudutsa pankhope pa mnzake. Mwambo wake weniweni ndi wotani? Anthu aime bwanji, awombe ndani, ndipo yagwayo ndi ya yani?

Gogodela
Achimwene, nkhani imeneyo iyenera kuthera pansi pa mtengo, mfuti zikadali zopanda kanthu. Gulu lisankhe mtsogoleri mmodzi, ndipo akhale iye yekha wonena kuti "ikani zipolopolo", "wombani", "chotsani". Kenako aliyense apatsidwe gawo lake la thambo. Kayezedwe kake ndi aka: yang'anitsitsani chinthu chimodzi chakutali, tambasulani manja m'mbali zala zazikulu zili chilili, muziwabweza kutsogolo pang'onopang'ono mpaka zala ziwirizo zioneke bwinobwino musanatembenuze maso. Mpata wa pakati pa zalazo, pafupifupi madigiri 45, ndiwo munda wanu. Mbalame ikatuluka m'mundamo si yanunso, tsitsani mfuti.

Koma maso amanama mtima ukathamanga. Ndiye zikani nsungwi ziwiri zolimba kutsogolo kwanu, ina kumanzere ina kumanja, zotalika kupitirira mapewa. Mukatengeka ndi bakha, mpope wa mfuti umagunda nsungwi n'kuima usanafike pa mnzanu. Kwa ophunzira nsungwi zimenezi n'zosakambirana.

Chifefe12
Ndionjezere chifukwa chake nsungwizo zili zofunika, chifukwa ambiri amaganiza kuti akuonetsetsa. Bakha wodutsa cham'mbali amathamanga makilomita 60 kapena kuposa pa ola. Machaka, timipira ta m'chipolopolo tija, amatenga kanthawi kuti afike pa mamita 35, ndiye kuti mumugunde mumalozetsa pafupifupi mamita 2 kutsogolo kwake. Tanthauzo lake n'loti mlomo wa mfuti umakhala patsogolo pa mbalame nthawi zonse. Diso lanu lili pa bakha amene sanafike pamene pali mnzanu, koma mpope wafika kale. Ndipo wowomba bwino saimitsa mfuti akangowomba, amapitiriza kuizunguza pang'ono. Choncho mpata wosawomba uyambire kutali ndi munthu, osati pamapewa pake.

Kachulu77
Zonsezo n'zabwino papepala. M'madzi mulibe poyezera madigiri. Anthu angotalikirana, aliyense pa chitsamba chake cha bango, basi.

Gogodela
Kutalikirana kopanda dongosolo ndi kumene kumavulaza anthu, madala. Njira zotetezeka zilipo ziwiri. Mwina mukhale phewa ndi phewa m'kachisasa kamodzi, nonse moyang'ana mbali imodzi, moti kuti mulozetse mnzanu muyenera kuchita kutembenuka dala. Kapena mutalikirane mamita 30 mpaka 40 pamzere wowongoka, aliyense akudziwa bwino pamene pali anzake awiri oyandikana naye. Choipa ndi cha pakatikati, mamita 10 kapena 15, munthu wabisika m'bango koma machaka akadali pamodzi ndi mphamvu zonse. Choipitsitsa ndi kuzungulira thamanda, ena tsidya lino ena tsidya lija. Bakha akamatera pakati, mfuti zonse zimalozana.

Ndipo amene wapatsidwa malo asasunthe osanena. Munthu akaona kuti abakha akudutsa kwina n'kusuntha mwakachetechete mamita 20, anzake amawomba akuganiza kuti akadali pakale paja.

Kachulu77
Pa mfundo ya kusunthayo ndavomera. Nanga mphepo ikatembenuka?

Gogodela
Mtsogoleri aliza likhweru, onse athyola mfuti (kuitsegula pakati, polowera zipolopolo), achotsa zipolopolo, mzere wonse usamukira limodzi. Bakha amatera moyang'anana ndi mphepo, ndiye mukufuna mphepo ikuombeni kumsana kapena cham'mbali, kuti mbalame izibwera kutsogolo kwanu osati kudzera kumbuyo kwa mitu yanu.

Tsekwe_wa_Makhanga
Funso la woyamba kuwomba silinayankhidwe. Gulu la abakha likabwera molunjika, wakumanzere atenge akumanzere, wakumanja akumanja, wapakati apakati. Likamadutsa kuchokera kumanzere kupita kumanja, wakumanja atenge otsogola, wakumanzere atenge otsalira kumbuyo. Mukatero mipope siipingasana ndipo anthu awiri sawononga zipolopolo pa bakha mmodzi. Chizolowezi cha aliyense ndi kufuna wotsogolayo kapena wamkulu kwambiri, n'chifukwa chake amagwa mmodzi wophwanyikaphwanyika ena onse n'kupita.

Akabwera mmodzi yekha, ndi wa munthu amene ali mbali imene watulukira. Ngati watulukira pakati, muzisinthana, ndipo mtsogoleri atchule dzina: "Ndi wanu, a Phiri." Enawo mfuti pansi. Mwiniwake akaphonya ndi mipope yonse iwiri, apo woyandikana naye akhoza kuyesa ngati mbalameyo yalowa m'gawo lake. Mlendo ndi wophunzira apatsidwe woyamba wa tsikulo. Kuwomba mbalame imene ikupita molunjika kwa mnzanu iye asanaiwombe ndi kumulanda nsima pakamwa.

China chimene chimakwiyitsa alenje enieni ndi kuwomba abakha ali m'mwamba kwambiri. Chifefe chimapha bwino mpaka mamita 35, mwina 40. Kupitirira apo mungovulaza, ndipo mwathamangitsa gulu limene likanatsikira anzanu onse. Zikani bango pa mamita 35 kuchokera pakachisasa kukadali mbuu, likhale malire.

Mai_a_Mpunga
Abambo inu mukukamba ngati m'dambomo muli nokha. Ku Chilwa m'kati mwa bango ndi njedza muli asodzi okhala m'zimbowera, timisasa tawo ta pamadzi, ena miyezi osatuluka. Muli ovuula miono m'mamawa, nthawi yomweyo imene inu mumakonda. M'minda ya mpunga ku Domasi ndi ku Likangala ana amakhala akuingitsa mbalame, ataweramira mumpunga osaoneka. Ndikufuna wina andiuze mwachindunji, machaka amenewa amakagwera patali bwanji?

Chifefe12
Funso labwino, mayi, ndipo yankho lake limadalira kukula kwa machakawo. Ndikamba za mtovu, m'manambala a Chingerezi. Nambala 6, amene m'mimba mwake ndi mamilimita 2.6, amatha kufika cha m'ma mamita 200. BB, wa mamilimita 4.1, amadutsa mamita 300. AAA, okulirapo, cha m'ma mamita 400. SSG, aakulu kuposa onsewa, amene ena amaika poganiza kuti akomana ndi tsekwe wamkulu, amatha kupitirira theka la kilomita. Amafika patali chotero mfuti ikapendekeka cha m'ma madigiri 30, ndendende mmene timawombera mbalame yobwera chapatali, ndipo mphepo yakumsana imaonjezera. Akamagwa kumapeto kumeneko ang'onoang'onowo mphamvu imakhala yachepa, koma diso la mwana silifuna mphamvu yambiri.

Ndiye ndi machaka a mbalame, kutsogolo kwa mzere kukhale mamita 300 opanda nyumba, msewu, bwato kapena ng'ombe. SSG asabwere n'komwe pa uzimba wa mbalame. Ndipo lamulo lalikulu nali: kumbuyo kwa mbalame kuoneke thambo. Mukaona bango, mtengo kapena mpunga kumbuyo kwake, yatsika kwambiri, ilekeni ipite.

Mai_a_Mpunga
Zikomo. Ndipo dzulo lake muziuza amfumu ndi eni minda, kuti ana asatumidwe mbali imeneyo.

Nkhafi_Zomba
Nanga akhwangwala? Mwambo ndi womwewu?

Mphamba_BT
Chitetezo ndi chomwecho, koma ulemu wake umasiyana chifukwa khwangwala ndi wanzeru kuposa bakha. Bakha amabwera kudzatera. Khwangwala amabwera kudzaona. Nthawi zambiri amatsogola mmodzi kapena awiri, kuzungulira m'mwamba kusuzumira. Munthu mmodzi akadzutsa nkhope kapena kugwedeza mpope wonyezimira, wawonongera gulu lonse m'mawa umenewo. Ndiye ulemu woyamba ndi kukhala chete, chipewa chotsikira, mfuti pansi, mpaka mtsogoleri anene.

Anthu asanu m'kachisasa kamodzi ka akhwangwala achuluka. Awiri akwana, ena akakhale kumunda wina. Ndipo awiriwo agwirizane kuti woyambayo ndi wa wowomba bwino, chifukwa akaphonyedwa amalira molusa n'kuchenjeza anzake onse. Mbalame zimenezi zimakumbuka. Ku University of Washington, John Marzluff ndi anzake adaonetsa kuti akhwangwala a ku America amazindikira nkhope ya munthu amene adawagwirapo, ndipo amailalatira patapita zaka. Musabwerere pamalo amodzi masiku otsatizana.

Nyambo yake ndi khwangwala woyamba kugwa, kumuika poonekera mamita 20 mpaka 25 kuchokera pakachisasa. Anzake amabwera kudzachita phokoso pamwamba pake. Machaka a nambala 6 kapena 5, magalamu 28 mpaka 32, akwana.

Dzinja_Lafika
Kunja amagwiritsa ntchito chidole cha kadzidzi, akhwangwala amadana naye kwambiri.

Mphamba_BT
Chimagwira ntchito, koma taganizirani kuimika kadzidzi pamtengo m'munda wa munthu kumudzi anthu osauzidwa. Mawa lake muli pabwalo la amfumu. Fotokozerani mwini munda kaye, ndipo mukamaliza muchichotse.

Chimene ndikuletsa ndi mtima wonse ndi kuwomba khwangwala ali pamtengo ndi mfuti ya chipolopolo chimodzi ngati .22. Mukaphonya, kapena chikangopyoza, chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo akhwangwala amakhala pafupi ndi anthu, kumisika, kumakola, kuseri kwa sukulu. M'tauni ndi pakati pa nyumba musawombe ndi mfuti ya mtundu uliwonse.

Nantchengwa
Ine nditsutse pang'ono maziko ake. Khwangwala amadya zakufa, zotayidwa kumsika, dzombe ndi mbewa. Kupha makumi angapo chifukwa choti mfuti zilipo si ulenje. Ngati akufukula mbewu kapena kutola anapiye, iphani ochepa pamunda womwewo, mmodzi mumupachike pa ndodo, enawo adzatalikira kwa masiku angapo, nthawi yokwanira kuti chimanga chimere n'kulimba.

Kachulu77
Masiku angapo okha, kenako abweranso.

Nantchengwa
Akabweranso chimanga chafika mubondo, alibe nacho ntchito mpaka chikhwime. Ndipo otsalawo muwakwirire mozama, musawasiye m'munda wa mwini agalu azikoka. Musawagwire ndi manja opanda kanthu, amadya zowola. Mukapeza abakha kapena mbalame zina zambiri zitafa zokha m'mbali mwa madzi, musatole, musalole galu kutola, dziwitsani alangizi a ziweto. Chikhoza kukhala chimfine cha mbalame, chikhozanso kukhala poizoni, poti alipo ena amathira mankhwala mumpunga kuti atole abakha akufa n'kukagulitsa.

Mai_a_Mpunga
Amenewo ndi akupha anthu, si alenje. Bakha wogulitsidwa wopanda bala lililonse, ogula azifunsa kuti wafa bwanji.

WaKuNorfolk
Poti mwatchula za poizoni, mtovu nawo ndi poizoni. Machaka ophonya amagwera m'matope, abakha amawameza ngati timiyala togayira chakudya m'nthutumba, n'kufa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ku America adaletsa mtovu posaka mbalame za m'madzi m'dziko lonse mu 1991, ndipo kuno ku England kuyambira 1999 suloledwa kuwomba bakha kapena tsekwe ndi mtovu. Anthu amagwiritsa ntchito machaka achitsulo. Chitsulo n'chopepuka, ndiye umakweza kukula ndi manambala awiri: pamene ukanaika mtovu wa 5 umaika chitsulo cha 3. Choke, kuthina kwa mpope chakumlomo, isapitirire theka, ndipo zipolopolo zachitsulo zamphamvu kwambiri zimafuna mfuti yokhala ndi chidindo chooneka ngati duwa, chotchedwa fleur-de-lys, pa mpope.

Pa nkhani ya pagulu, chitsulo chimanjanja kwambiri pamadzi ndi pamiyala kuposa mtovu, ngati mwala wophwatalala umene ana amaponya padziwe. Kuwomba pamadzi mnzako ali kutsogolo, ngakhale cham'mbali, ndi koletsedwa.

Kuno nyengo ya abakha imayamba pa 1 September mpaka pa 31 January kumtunda, ndipo m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumunsi kwa malire a madzi akasefukira, imafika pa 20 February. Akhwangwala suwomba mwachisawawa, pali chilolezo cha boma chimene chimatchula zifukwa monga kuteteza mbewu ndi ziweto, ndipo khwangwala wamkulu uja amati raven sali pamndandanda umenewo. Mwambo umene ndingakonde utafika kwathu ndi wa mfuti yothyola: pamene anthu akuyenda, akucheza kapena akuwoloka mpanda, mfuti imakhala yothyoka pamkono, aliyense akuona ndi maso kuti mulibe kanthu.

Chifefe12
Zipolopolo zachitsulo kwathu kuno sizipezeka wamba, ndipo mfuti zambiri n'zakale. Musaike chitsulo m'mpope wakale wa choke yothina, umatupa chakumlomo. Koma mfundo ya mfuti yothyola ndi ya kulikonse. Ya pampu, imene sithyoka, ikhale yotsegula, chotsekera chili kumbuyo. Mawu oti "ili pa loko" asakhutiritse munthu, chifukwa pa mfuti zambiri loko amangogwira trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powomba, ikagwa pansi mwamphamvu ikhoza kulira.

Pali ngozi ina imene imabadwa chifukwa cha pagulu penipeni, yobwerekana zipolopolo. Chipolopolo cha mfuti ya mpope wocheperako, ya 20 bore, chikalowa m'mfuti ya mpope wokulirapo, ya 12 bore, chimatsetsereka n'kukakamira m'kati mwa mpope osaoneka. Munthu amathyola mfuti, akuona ngati mulibe kanthu, aika cha 12 pambuyo pake, awomba, mpope uphulika pamene pali dzanja lamanzere. Za 20 nthawi zambiri zimakhala zachikasu, koma kukadali mdima mtundu suoneka. Ngati pagulu pali mfuti za kukula kosiyana, zipolopolo zisakumane m'thumba limodzi. Onaninso kutalika: cha mamilimita 76 chimalowa bwinobwino m'mfuti ya 70, koma chikaphulika chimasowa potsegukira ndipo mphamvu imakwera mopyola muyezo. Nambala yake yalembedwa pa mpope.

Mukakoka trigger n'kungomva kuti "thi", musathyole msanga. Lozetsani kumalo opanda munthu, werengani masekondi 30, uzani oyandikana nanu, kenako tsegulani. Kulira kukamveka kofooka, kapena mlomo wa mfuti ukakhudza matope, chotsani zipolopolo musuzumire m'mpope kuchokera kumbuyo. Kadothi kochepa ngati chala kakwana kung'amba mpope.

Nkhafi_Zomba
Za m'bwato palibe wanenapo, pamene ambiri ku Chilwa amasakira m'bwato.

Tsekwe_wa_Makhanga
M'bwato la mtengo umodzi wowomba akhale mmodzi yekha, kutsogolo, atakhala pansi, wopalasa kumbuyo wopanda mfuti. Awombe kutsogolo kokha. Kuwomba cham'mbali mfuti imakankha phewa, bwato limapendama, ndipo munthu akamagwa chala chimafinya chokha. Kuimirira ndiye ayi. M'boti lotakata awiri akhoza kukhala mofulatirana, aliyense theka lake la thambo, koma limangiriridwe ku bango kaye. Polowa ndi potuluka mfuti ikhale yopanda kanthu, woyamba alowe, alandire mfuti chakumtengo mlomo utaloza kunja. Kuikoka ndi mpope kuchokera pansi pa bwato kwapha anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana.

Kuno ku Elephant Marsh, dambo la kumunsi kwa mtsinje wa Shire, onjezani ng'ona ndi mvuu. Galu asatumidwe kukatola m'madzi akuya, munthunso asalowe. Bakha wogwera pamene bwato silingafike ndi wotayika, ndiye musawombe amene adzagwere malo otero.

Gogodela
Wovulazidwa ndiye amayesa mwambo wa gulu. Bakha wothyoka phiko akagwa amamira kapena kuthawira m'bango m'masekondi ochepa. Amene wamugwetsa ndiye ali ndi udindo. Ngati kutsogolo kulibe munthu, bwato kapena galu, amumalize pomwepo asanaganize za wina wouluka. Ngati pafunika kukamutola, afuule, mtsogoleri aimitse onse, mfuti zithyoledwe, ndipo pasakhale wowomba mpaka wotolayo abwerere pamalo pake, ngakhale gulu la atsekwe litadutsa pamutu. Mukamugwira wamoyo mupotoleni khosi msanga, musamuponye m'thumba akupuma. Tsekwe wamkulu ali ndi chisonga pa phiko, mugwireni mapiko onse awiri chakumsana kaye.

Kachulu77
Tsopano ya yani? Pa uzimba wa makolo wolasa woyamba ndiye mwini nyama, womaliza amangopatsidwa chiwalo.

Tsekwe_wa_Makhanga
Pa gwape bala la mkondo limaoneka, mwini wake amadziwika. Pa bakha machaka onse ndi ofanana. Ndipo lamulo la wolasa woyamba ndi limene limachititsa anthu kuthamangira kuwomba mbalame ikadali kutali. Gwirizanani musanayambe kuti zonse zipita pamulu umodzi, mugawana mofanana pomaliza, mwini bwato ndi mwini munda alandira gawo lawo poyamba. Awiri akawomba limodzi, wamkulu anene kuti "ndi wanu", nkhani ithe.

Kachulu77
Wowononga zipolopolo khumi osagwetsa kanthu alandire mofanana ndi wogwetsa asanu? Zipolopolo n'zodula.

Tsekwe_wa_Makhanga
Alandire. Akadziwa kuti ndiwo apita nayo kunyumba, sawomba mwaphuma. Mukamumana, ulendo wotsatira ndi iyeyo adzazunguze mfuti pamutu panu.

Nantchengwa
Tisaiwale mapepala. Mfuti iliyonse ikhale ndi chiphaso chochokera kupolisi, ndipo kusaka mbalame kuli ndi chilolezo chake ku nthambi ya zinyama zakutchire ndi malo osungirako zachilengedwe. Chilwa ndi malo oyamba a Malawi pa pangano la maiko loteteza madambo la Ramsar, limene dziko lino lidalowa mu 1997, ndipo Elephant Marsh idatsatira mu 2017. Ku Chilwa kuli magulu a osaka mbalame amene ali ndi malo awo osaloledwa kusakako ndi nyengo yotseka mbalame zikamaswana. Mlendo apite kwa iwo ndi kwa amfumu asanatsitse bwato. Ndipo pagulu, amene sangathe kusiyanitsa bakha ndi mbalame ina ikuuluka asawombe mpaka mtsogoleri aitchule. Vuwo, kakowa, nkhwazi si za pamulu.

Mphamba_BT
Mowa ubwere mfuti zitalowa m'matumba. Wamwa ngakhale pang'ono akhale wotola makoko a zipolopolo, amene sayenera kutsala m'munda wa munthu. Ndipo m'makutu muike zotsekera. Chifefe chimalira kupitirira madesibelo 150 pa muyezo wa phokoso, ndipo wogontha msanga ndi amene wakhala pambali pa mlomo wa mfuti ya mnzake. M'kachisasa milomo yonse itulukire kunja kwa mpanda, pasakhale wokhala kumbuyo pang'ono kwa anzake.

Nkhafi_Zomba
Funso lomaliza. Abakha oliza likhweru aja, a nkhope yoyera, amabwera mumpunga kukuda. Timaleka nthawi yanji?

Gogodela
Mtsogoleri aziyang'ana bango lija mudazika pa mamita 35. Likasiya kuoneka bwino, ndiye kuti munthu woima pamenepo simungamuonenso, ndipo wogwa simumupeza. Aliza likhweru kawiri, aliyense achotsa zipolopolo, ayankha potchula dzina lake mokweza kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Mayina akakwana m'pamene tochi ziyatsidwe ndi anthu kutuluka m'bango.